Singano za acupuncture ndi mapazi anga a shuga: mmene zilili patatha pafupifupi chaka

Anthu angapo amene ndinawauza chaka chatha kuti ndayamba kubayitsa singano za acupuncture, chithandizo chochokera ku China, chifukwa cha mapazi owotcha akhala akundifunsa kuti nanga zikuyenda bwanji, ena mpaka akufuna ndiwaperekeze. Nthawi ija ndinkangoyamikira basi, ndinkati ndayamba kugona tulo, nde ndi bwino ndinene zonse panopa pamene miyezi yadutsa. Kuwotcha kwa usiku kunachepa ndithu ndipo sikunabwerere mmene kunalili kale. Koma dzanzi lilipobe, shuga alipobe, mapilisi ndikumwabe. Amene mukufuna kuyamba muyambe mukudziwa zimenezi chifukwa ndalama zake si zochepa.

Ine ndili ndi zaka za m'ma 50, ndimagwira ntchito mu khitchini ya lesitilanti ina kuno ku Johannesburg, ntchito yoima kuyambira mmawa mpaka usiku. Anandipeza ndi shuga kalekale, wa type 2, ndipo ndakhala pa metformin zaka zambiri. Mapazi anayamba pang'onopang'ono, kunyerenyetsa ku zala, kenako kubayabaya, kenako kuwotcha kunsi kwa phazi ngati waponda phulusa loti moto sunazime. Masana ukakhala bize umaiwalako, koma ukangoti ugone ndi pomwe zimayamba, bulangete kungokhudza chala umachita kudzidzimuka, ndinkagona mapazi ali kunja ngakhale mu June kozizira kuja. Achibale kumudzi ena ankati ndi nyamakazi, ena ankati pali chimene ndinaponda. Anandimasulira bwino ndi anesi aku kiliniki, anati shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga timitsempha ting'onoting'ono timene timamva kukhudza ndi ululu, amawononganso timitsempha ta magazi timene timatidyetsa, ndipo yoyamba kuwonongeka ndi mitsempha yaitali kwambiri, nchifukwa chake zimayambira ku zala za kuphazi nkumakwera, mapazi onse awiri nthawi imodzi. Pafupifupi theka la anthu a shuga amadzakumana nazo pa moyo wawo. Sizachilendo ayi, kungoti sitimakambirana.

Adokotala anandipatsa amitriptyline wa 25 mg womwa usiku. Anathandiza, sindinganame, koma mmawa ndinkadzuka mutu uli wolemera, kukamwa kouma, ndipo munthu wogwira mipeni ndi mafuta otentha sufunika kukhala ukusinza. Anandiyesa pregabalin, ameneyo ankandichititsa chizungulire. Nde mnzanga wina wa ku ntchito amene mayi ake amabayitsa singano chifukwa cha msana ndi amene anandiuza kuti bwanji osayesa.

Poyamba ndinakayikira chifukwa kuno malo olemba kuti amachiza chilichonse ndi ambiri, pa khoma lililonse pali pepala. Chimene chinandilimbitsa mtima nchakuti ku South Africa munthu wobaya singanozi amayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo maphunziro ake alipo ku University of Johannesburg. Mayi amene amandibaya ine satifiketi yawo ili pakhoma, ndinaiwerenga ndisanavule nsapato. Inunso chitani chimodzimodzi, musachite manyazi, phazi ndi lanu. Tsiku loyamba anandifunsa mankhwala onse amene ndimamwa, anafunsa ngati ndimamwa ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin, ngati ndili ndi kamakina ka mtima, anayang'ana pakati pa zala ngati pali chilonda, anagwira phazi kumva ngati magazi akugunda bwino. Ndipo anandiuza mosabisa kuti iwo shuga sachiza komanso mankhwala aku chipatala ndisasiye. Akanandiuza kuti taya mapilisi ndikanatuluka pompo.

Kwa amene simunazionepo, singano zake si za jakisoni. Ndi zopyapyala kwambiri, kuzungulira 0.25 mm, zilibe bowo mkati nde palibe mankhwala amene amalowa m'thupi, zimabwera zomata mu paketi, amatsegula iwe ukuona ndipo akamaliza amataya mu kabokosi kachikasu. Ine amandibaya malo amodzimodzi pafupifupi nthawi zonse: pansi pa bondo chakunja, pamene iwo amati ST36, pamwamba pa kakolo chamkati pa SP6, pamwamba pa phazi pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri pa LR3, ndi tina tating'ono m'mipata ya zala. Nthawi zina amalumikiza timawaya ku singano za m'miyendo nkuyatsa kamagetsi kochepa, umangomva kugundagunda. Umagona choncho mphindi 20 kapena 30. Ya pansi pa bondo ndimaimva, kamakhala kaululu kolemera kotsikira mmunsi, iwo amati nchimene amafuna. Koma za m'zala zija nthawi zambiri sindimva nkomwe kuti zalowa, ndipo tsiku loyamba zimenezi zinandiopsa kuposa singanozo, pamenepo mpamene ndinazindikira kuti dzanzi langa lafika patali.

Achaina amafotokoza kuti m'thupi muli njira zoyendamo mphamvu ndipo singano zimatsegula pamene patsekeka. Madokotala a chipatala amene anafufuzako amati singano imadzutsa mitsempha nkuchititsa thupi kutulutsa zinthu zake zoziziritsa ululu monga ma endorphin. Ine kufotokoza kwachiwiriku ndi kumene kumagwirizana ndi zimene ndaona pa thupi langa, chifukwa chimene chinasintha ndi mmene ndimamvera ululu, osati mitsempha kuchira.

Masabata oyamba ndinkapita kawiri pa sabata. Maulendo oyambirira sindinaone kusintha kulikonse, ndinkangobwerako ndili wofooka nkugona, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Chakumapeto kwa mwezi woyamba mpamene ndinazindikira kuti ndafunda bulangete mpaka kumapazi ndipo ndadzuka ndi alamu osati ndi moto wa kuphazi. Kuyambira pamenepo zinapitirira kukhala bwino, kuwotcha kumene ndikanati kunali pa 8 mwa 10 kunatsika kufika mwina pa 4, masiku ena pa 3, kubayabaya kodzidzimutsa kuja kunayamba kubwera patalipatali. Adokotala ataona choncho anatsitsa amitriptyline kufika pa 10 mg, nde kusinza kwa mmawa kunatha, ndipo kwa ine chimenechi ndi phindu lalikulu kuposa zonse, chifukwa ndinayambanso kugwira ntchito maso ali poyera komanso kunyumba anasiya kundiona ngati munthu wokwiya nthawi zonse. Munthu wosagona amavuta kukhala naye, akazi anga anapirira zambiri.

Koma pali china chimene chinachitika nthawi yomweyo chimene sindingachisiye. Miyezi imene ndinayamba singano ndi imenenso ndinayamba kusamala shuga mwamphamvu. Ndinachepetsa nsima kufika chipande chimodzi, ndinasiya zakumwa zotsekemera, buledi woyera ndinamusiya, adokotala anawonjezeranso mankhwala ena. HbA1c, kuyeza kuja kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu, inali pamwamba pa 10 ndipo inatsika kufika pansi pa 8, cholinga chimene anandipatsa ndi kuyandikira 7. Nde wina akamandifunsa kuti singano zinakuchizani, ndimamuuza kuti singano zinagwira mbali yake, mbale yanga inagwiranso mbali yake. Amene angapite kukabayitsa koma shuga ali pa 15 tsiku lililonse akungotaya ndalama, mitsempha ikhala ikuwonongekabe pansipansi ngakhale ululu utachepa.

Mu December ndinapita kumudzi. Basi ya masiku awiri kudzera ku Zimbabwe ndi Tete mpaka Mwanza, miyendo ili lende, ndinafika mapazi atatupa. Kumudzi singano kunalibe, komanso mukudziwa nokha nthawi ya Khirisimasi, mpunga, mango, thobwa, aliyense akufuna udye kwake ndipo ukakana amati wayamba kunyada. Patangopita masabata ochepa kuwotcha kunayamba kubwerera, sikunafike pa kale paja koma kunakwera moti usiku wina ndinakhala pakhonde mpaka tambala. Apa mpamene ndinaona kuti chithandizo chimenechi sichokhalitsa, chimafuna kubwereza. Nditabwerera ku Johannesburg mu January ndinayambiranso ndipo ulendo uno zinatsika msanga kusiyana ndi poyamba.

Kumudzi komweko amalume anga atamva kuti ndimabayitsa singano anati nanga si zomwezo ndi mphini, bwanji osangopita kwa asing'anga akakuteme m'mapazimo zithe. Ananena mwachikondi ndipo ndinawayankha mwaulemu, koma abale anga pamenepa ndikupempheni, munthu wa shuga asatemedwe mphini kuphazi. Mphini ndi lumo, limang'amba khungu, kenako amapakamo mankhwala akuda pa bala. Phazi la munthu wa shuga magazi sayenda bwino, bala limachedwa kupola, ndipo poti pali dzanzi sumva kuti layamba kuwola mpaka litanunkha. Anthu ambiri amene anadulidwa chala kapena mwendo zinayamba ndi kabala kakang'ono. Ngakhale singano za acupuncture zomwezi, zikakhala zobwereza kapena wobayayo sanapukute khungu, zingathe kukulowetsa m'mavuto omwewo, nchifukwa chake ndikulimbikira za paketi yomata ija.

Ndinapezanso kuti kumudzi anthu odandaula mapazi owotcha ndi ambiri ndipo si onse a shuga. Mankhwala a TB a isoniazid amatha kuyambitsa zomwezi, nchifukwa chake amaperekera limodzi ndi pyridoxine, vitamini B6. Ma ARV akale aja okhala ndi stavudine anasiya anthu ambiri ndi dzanzi asanawasinthe. Mowa wambiri umachitanso. Ndipo ife a metformin, ukamwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12 m'thupi, kuchepa kwakeko nakonso kumawononga mitsempha. Ine anandiyeza, inapezeka ili mmunsi, anandipatsa yowonjezera. Nde musanalipire aliyense wa singano pitani kaye ku chipatala akayeze, chifukwa ngati vuto ndi B12 mankhwala ake ndi otchipa ndipo singano sizingalowe mmalo mwake.

Tsopano nkhani ya dzanzi, imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse. Ku kiliniki ali ndi kachingwe kapulasitiki kamene amakugunditsa kunsi kwa phazi iwe utatsinzina, amati monofilament, kamakanikiza ndi mphamvu ya magalamu 10 basi, ukakamva umanena kuti eya. Ndisanayambe singano panali malo angapo pa zala ndi kutsogolo kwa phazi amene sindinkakamva. Atandiyezanso posachedwapa malo ake ndi omwewo, palibe pamene pabwerera. Ululu unachepa koma phazi silinadzuke. Ndipo zimenezi zili ndi ngozi yake, chifukwa kale phazi linkandikumbutsa lokha kuti lilipo, pano limakhala chete nde nkosavuta kuliiwala. Mu March kuntchito anatipatsa nsapato zatsopano zolimba kutsogolo zija, ndinagwira nazo tsiku lonse bwinobwino osamva kanthu, usiku povula sokosi ndinaona magazi, chala chaching'ono chinali ndi thuza lophulika. Mmawa mwake ndinali ku kiliniki, anatsuka nkumanga, ndipo linatenga nthawi kuti lipole kusiyana ndi mmene likanapolera kwa munthu wopanda shuga. Mayi a singano aja ataona bandeji anakana kubaya phazi limenelo mpaka litapoleratu, anangobaya mwendo winawo ndi m'manja. Ndinawalemekeza kwambiri pa chimenechi.

Chinanso, m'malo ambiri a acupuncture amagwiritsa ntchito kutentha, pali nyale yofiira imene amayandikiza pa thupi, palinso zitsamba zouma zimene amayatsa pafupi ndi khungu, amati moxa. Kwa munthu wa msana mwina nzabwino, koma pa phazi la dzanzi ayi, ungapse osadziwa. Ine anandiuza okha kuti kumapazi kwanga sayikako, koma si onse amene angaganize zimenezo nde muzinena nokha. Chimodzimodzi kunyumba, kuviika mapazi m'madzi otentha a mchere, kuwotha mbaula kapena hita mapazi ali pafupi, botolo la madzi otentha m'bulangete, zonsezi zawotcha anthu ambiri a shuga. Madzi muziyamba mwawayesa ndi chigongono. Komanso musapite kukabayitsa muli ndi njala makamaka amene muli pa insulini, idyani kaye, tengani ndi kaswiti m'thumba.

Mwana wanga wamkazi amene amaphunzira za unesi anandithandiza kufufuza zimene akatswiri anapeza, chifukwa ndinkafuna kudziwa ngati ndili ndekha. Ku Manchester mu 1998 anayesa anthu 46 a shuga a mapazi opweteka, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anati ululu unachepa, koma panalibe gulu lina loyerekezera nalo. A Cochrane, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense nkumuunika, mu 2017 anati umboni ulipowo ndi wosakwanira kunena kuti acupuncture imathandiza kapena sithandiza pa ululu wa mitsempha. Pambuyo pake ku Germany, ku Hamburg ndi ku Berlin, anachitanso kafukufuku pa anthu a shuga ndipo anaona kusintha kwabwino. Palinso nkhani yoti pa matenda ena a ululu, akabaya anthu mwachiphamaso, malo olakwika kapena singano yosalowa, ambiri amanenabe kuti apezako bwino. Ine zimenezi sizinandikhumudwitse. Ngati mbali ina ya chithandizochi ndi kugona phee theka la ola wina akukusamalira, tulo timene ndimagona pambuyo pake ndi tenitenibe. Koma zinandiphunzitsa kuti ndisamauze munthu aliyense kuti zikamuthandiza, ndipo mnzanga wina wa ku tchalitchi amene ndinamulimbikitsa anapita miyezi iwiri osaona kusintha kulikonse, anasiya, ndipo ndikuona kuti anachita bwino kusiya.

Pa kufufuza komweko tinapezanso china chothandiza kwa amene singano simungazikwanitse. Ku Britain mu 2022 anayerekeza amitriptyline, duloxetine ndi pregabalin pa anthu a shuga a mapazi opweteka, anapeza kuti onse atatu amathandiza mofanana, ndipo amene mtundu umodzi sunawakwanire anapeza bwino atawaphatikizira wachiwiri. Nde amitriptyline wotchipa uja musamuderere poganiza kuti okwera mtengo ndi amene ali ndi mphamvu. Ngati umodzi ukukuvutani bwererani mukanene, pali njira zina, osangokhala kunyumba nkumapirira.

Ndalama ndiye nkhani. Ulendo umodzi ndi marandi mazana angapo, kuphatikiza thiransipoti, ndipo ine ndilibe medical aid nde zonse zimachoka m'thumba. Miyezi yoyamba ija yopita kawiri pa sabata inandipweteka, ndalama yotumiza kumudzi inachepa ndipo ndinachita kukambirana ndi akazi anga kuti tipirire kaye. Ndikanakhala kuti ndiyenera kusankha pakati pa singano ndi timapepala toyezera shuga, kapena nsapato zabwino zosathina, ndikanasankha timapepala ndi nsapato mosaganiza kawiri. Singano zimabwera pambuyo pa zimenezo. Amene muli nayo ndalama yoyesera, gwirizanani ndi wobayayo kuyambira pachiyambi kuti muyesa kwa nthawi yakuti, mwina mwezi umodzi ndi theka kapena iwiri, muzilemba mu foni usiku uliwonse kuti ululu uli pa nambala yanji komanso mwadzuka kangati, chifukwa mutu umaiwala ndipo ukalipira ndalama umafuna kukhulupirira kuti zikuyenda. Ikakwana nthawiyo manambala osasuntha, siyani. Ndipo asakugulitseni mabotolo a zitsamba oti amatsitsa shuga musanafunse adokotala anu, kuphatikiza ndi mapilisi shuga angatsike mopitirira, komanso impso za munthu wa shuga nzofunika kuzisamala.

Zovuta zimene ndakumana nazo pa singano zenizenizo ndi zochepa, kakadontho ka magazi pochotsa, kamdima pakhungu pansi pa bondo kamene kamatha pa masiku ochepa, ndi kufooka tsiku limenelo, nde ndimapita tsiku la ofu.

Panopa ndimapita kamodzi kapena kawiri pa mwezi, kutengera mmene thumba lilili ndi mmene mapazi akuchitira, ndikadumphitsa kwambiri amandiuza okha. Amitriptyline ndikadali pa 10 mg, metformin ndi B12 ndikumwa, usiku uliwonse ndisanagone ndimayang'ana kunsi kwa mapazi ndi kamera ya foni komanso pakati pa zala, ndimapaka mafuta ku zidendene koma osati m'mipata ya zala, ndipo nsapato ndimayamba ndapisamo dzanja ndisanavale. Kuzizira kwayamba kale kuno ndipo June ndi July ndi miyezi imene mapazi anga amavuta kwambiri. Tagwirizana ndi mayi aja kuti kuwotcha kukakwera ndibwerera ku sabata iliyonse kwa kanthawi, ndipo adokotala anena kuti zikapanda kutsika tikambirana za duloxetine tsiku limene ndikukayezetsanso HbA1c.